Paipi Yodutsa m'Chipinda cha Apongozi

Eya, otentha! Usandiyang'ane choncho Esinala, ndati madzi otentha, mwezi womwe uno wa Okutobala. Ife tikugona panja pa mphasa chifukwa m'nyumba simukulowedwa, mbuzi zikupumira m'mwamba pansi pa nkhokwe, koma alendo a ku esiteti ya nzimbe kuja akadzuka m'mawa amafuna madzi ofuka nthunzi kuti amete ndevu. Ine tsiku loyamba kumva ndinaseka mpaka kukhala pansi. Koma nkhani yake inatsala pang'ono kutiliza pakhomo pathu, iwe. Sendera kuno, basi yako ya ku Kasisi sinabwere, ndikuuze za ababa.

Paja iwe ababa anga a Lorenso umangowadziwa kuti ndi aja aatali, osayankhulayankhula, amene ankadzanditenga pa njinga tili ku pulaimale. Sudziwa kumene anachokera. Anabadwira kutsidya, ku Mozambiki, cha ku Mutarara uko. Ali mnyamata, Apwitikizi ankagwira anthu kuti akakumbe misewu mokakamiza, ndiye iwo anangolowa m'bwato ndi msuweni wawo, kupalasa, kupalasa, mpaka kudzatulukira kwa Nyachikadza. Kumeneko anasanduka msodzi. Mpaka lero ukawapatsa mlamba amangonunkhiza n'kukuuza kuti uyu ndi wa m'thamanda, uyu wa mumtsinje. Amayi anga a Luisa anakumana nawo komweko, amayi akugulitsa mbatata ya kudimba. Akuti ababa ankagula mbatata tsiku lililonse osanena kanthu, mpaka amayi anachita kufunsa okha kuti kodi inu mukufuna mbatata kapena wogulitsa? Madzi atasefukira chaka china n'kukokolola nyumba ndi maukonde omwe, anati basi, tiyeni kumtunda, n'kudzalembedwa ntchito yodula nzimbe.

Nzimbe iwe! Unawaonapo odula nzimbe akuweruka? Thupi lonse bii ndi phulusa, maso okha mbee. Ababa anadula, anadula, mpaka msana unakana. Panali nthawi ina amayi ankachita kuwadzutsa pa mphasa ngati akudzutsa thumba la mapira. Akuluakulu anawamvera chisoni n'kuwaika kuti azinyamulira zitsulo mdala wina amene anali pulambala, wokonza mipopi ndi mapaipi. Mdalayo sankaphunzitsa munthu. Mawu ake anali "sipanala," "gwira apa," "choka." Koma ababa maso! Ankafika kunyumba n'kumajambula mapaipi pansi ndi kamtengo, ife ana n'kumati akujambula njoka.

Mdala uja atapuma ntchito chaka chino, kapitawo wawo, a Geresomo, anawaitana. "Lorenso, tikuyesa. Nyumba ya alendo ndi yako. Ukaitha, ndiwe pulambala. Ikakukanika tiitana wa ku Blantyre, iwe ubwerera ku chikwanje, poti wonyamulira zitsulo sakufunikanso."

Ku chikwanje, ndi msana uja! Amayi atamva, tsiku limenelo sanadye.

Tsono umve mmene nyumba ija anaimangira, chifukwa ine ndinafunsa mpaka ababa anatopa nane. Ndi yaitali ngati buloko ya sukulu, zipinda ndandanda. Kuseri kwa khitchini kuli thanki yotenthetsa madzi ndi magetsi. Paipi imachoka pamenepo, kuyenda nyumba yonse mpaka chipinda chomaliza, n'kubwereranso ku thanki. Ndiye pali kapampu, kakang'ono ngati papaya, kamene kamangoti ng'iii tsiku lonse, kukankha madzi kuti azingozungulira. Akuti madzi akaima m'paipi amazizira, koma akamazungulira, ukangotsegula mpopi paliponse otentha ali pomwepo. Si nzeru zimenezo? Madzi kuyenda ulendo wosafika, usana ndi usiku! Ine zinandikomera zedi.

Miyezi ya chiperoni ija zonse zinali bwinobwino, ababa akuyenda ndi kamluzu. Kutangoyamba kutentha, madandaulo nawo n'kuyamba. Alendo a zipinda zakumapeto akatsegula mpopi, kudikira, kudikira, madzi n'kubwera ofunda ngati a m'chithaphwi. Mzungu wina akuti anatuluka thovu lili kumaso, thaulo m'chiuno, kukafunafuna kapitawo. Wophika anabisala kuseri kwa chitseko kuti aseke bwino. Koma a Geresomo sanaseke.

"Loweruka kukubwera akuluakulu a kampani, zipinda zonse zidzaza. Madzi amenewa akhale atalongosoka. Ine sindikuda iwe Lorenso, koma nanenso ndili ndi wondikalipira."

Ababa anayamba ndi pampu. Anagunditsa sukuludiraiva pa pampupo, chogwirira chake n'kuika kukhutu, ngati adokotala akumvetsera chifuwa. Ikulira bwinobwino. Anaimasulabe, n'kupezamo timatope ta mu Shire, kutsuka ndi mswachi wakale wa achimwene anga a Pedro, kubwezera. Palibe chasintha. Anati mwina mwalowa mpweya, poti akuti mpweya ukatsekereza, pampu imangozungulira yokha osakankha kanthu. Anamasula kanati ka pamwamba, fyuu, kampweya pang'ono, kenako madzi kuwathira kumaso. Palibe chasintha. Thanki nayo yosalakwa, ukaigwira n'kusupuka.

Ndiye anachita zimene ankamuona mdala uja akuchita: kuyenda ndi paipi, kumaigwira ndi kuseri kwa dzanja. Pochoka pa thanki, moto. Kuseri kwa khitchini, moto. Kuseri kwa sitolo, moto. Kenako paipi n'kulowa m'khoma la kachipinda kena. Iwo kuzungulira, kukaichingamira mbali inayo pamene imatulukira. Kugwira. Yofunda chabe, yoti khanda n'kumaseweretsa.

Ndipo kachipinda kameneko ukudziwa n'kachiyani? Kochapira ndi kusitira. Ndipo wochapa wa nyumba ya alendo ndani? Agogo anga a Emelia, amayi awo a amayi anga. Apongozi awo a ababa!

Eee, wagwira pakamwa! Nanga kwanu ku Kasisi si chimodzimodzi? Koma kwathu n'zonyanya. Chikwatirire amayi, ababa sanawayang'anepo agogo kumaso. Akakumana panjira, ababa amapatukira m'thengo, kaya muli minga kaya mulibe, agogo n'kufunda chitenje kumutu. Kudyera pamodzi ayi, mphasa imodzi ayi. Ndiye alowe m'kachipinda kopanikiza, apongozi ali momwemo atangomanga nsalu m'chifuwa chifukwa cha kutentha? Angafe! Komanso agogo akaweruka amakhoma, kiyi n'kumanga pa ngodya ya chitenje, poti zofunda za alendo zikasowa wofunsidwa ndi iwo. Kukapempha kiyi wina kwa kapitawo ndiye kukanakhala ngati kuwanenera apongozi kuti m'chipinda mwawo muli mlandu.

Ndiye anatuma amayi. "Make Pedro, tapitani mukaone paipi m'chipinda cha amayi. Mukaone ngati ikudontha, kapena yathyoka, kapena pali chachilendo."

Amayi anapita, anacheza ndi agogo, anamwa thobwa, n'kubwerako. "Paipi yanu ili bwinobwino. Sikudontha. Ndiponso amayi akuisamala kuposa mmene mumaisamalira eni akenu."

Ababa anangothokoza kuti, "Takhuta," n'kubwerera kukamasulanso pampu yosalakwa ija. Anaimasula kangati kaya, mpaka wophika anayamba kuwafunsa ngati akufuna kuikwatira.

Lachinayi madzulo ndikuchokera ku mjigo ndinawapeza atatsitsa chikwanje chawo chakale kudenga, akuchinola pa mwala. Akawerama pang'ono, dzanja lina n'kugwira msana. Iwe Esinala, ine ndowa ndinaitula mwakachetechete.

Tikudya, amayi pofuna kuwapepesa anati, "Musadzione ngati muli nokha, bambo a Pedro. Paipi imeneyi yatopetsa anthu ambiri. Amayi nawonso mikono yatha ndi kuithirira."

Dzanja la ababa linaima m'malere. "Kuithirira?"

"Eya, ziguduli zija zikauma."

"Ziguduli ziti?"

"Zimene anakutira paipi. Nanga munthu angasite m'chipinda muli chitsulo chamoto chozungulira makoma atatu, simbi ya makala ili m'manja, mwezi uno? Anaikuta yonse. Amathira madzi akangofika, amathira masana, pokhoma madzulo amathiranso kwambiri kuti m'mawa apeze mozizira."

"Make Pedro! Si ndinati mukaone chachilendo?"

"Chachilendo n'chiti pamenepo? Chiguduli chonyowa? Nanga icho chili pa mtsuko wathu apo n'chiyani?"

Tonse tinatembenuka kuyang'ana mtsuko pakona, uli phee ndi chiguduli chake chonyowa. Ndipo amayi sanalakwe, iwe! Kuno chinthu chikatentha timatani? Mtsuko, chiguduli. Botolo la mkaka, chiguduli. Mwana akatentha thupi, nsalu yonyowa. Ine ndemwe akanandituma ndikanabwera n'kunena kuti zonse zili m'malo. Ababa anayamba kuseka, kuseka kotuluka misozi, ife n'kumaseka nawo. Kenako anasiya mwadzidzidzi. Anakumbukira kuti tsopano ayenera kukawauza apongozi awo kuti asiye.

Anayang'ana kudenga. Kudengako kunali thumba la thonje la m'munda mwathu, lothimbirira lija limene silinagulidwe kumsika, limene amayi anasunga kuti adzandisokere matiresi ndikadzasankhidwa kupita ku sekondale. Ndinangomva, "Josephine, mwana wanga, matiresi ako aja ndingawatume ntchito?"

Ndikanati chiyani, chikwanje chili pakhomo chikunyezimira? Ndinati tengani, koma ndipita nawo ndikaone kumene akukathera.

Lachisanu m'mawa tinafika agogo atayamba kale kusita. Iwe, ukanakhalapo! Ababa anakhala pa njerwa panja, pansi pa zenera, nkhope ataloza kuminda ya nzimbe. Amayi anaima pakhomo. Agogo mkati. Aliyense akumumva mnzake bwinobwino, koma mawu ayenera kudzera kwa amayi basi.

"Make Pedro, muwauze amayi kuti ndawalonjera."

"Akuti akulonjerani."

"Ndamva, makutu ndili nawo. Uwauze kuti ndadzuka, koma paipi yawoyi ikufuna kundiwamba ngati mlamba."

"Akuti paipi yanu..."

"Ndamva," anatero ababa chapansipansi. "Muwauze kuti akunena zoona. Paipiyo anaimanga yosafunda, ndiye imataya moto m'chipinda mwawo. Koma moto umenewo ndi womwe alendo akuudikira uko. Ziguduli zonyowa zikuumwa wonse."

"Ndiye akuti ndichotse? Nkhabe, sindichotsa! Alendo akafuna madzi otentha akaike ndowa padzuwa ngati anthu ena onse."

Ine ndinaluma chitenje kuti ndisaphulike. Amayi anandiponyera diso.

"Muwauze kuti sindikuti angochotsa n'kupsa ayi," anatero ababa. "Ndikufuna ndiifunditse zouma. Thonje mkati, ziguduli zouma pamwamba."

"Thonje? Luisa, amuna akowa dzuwa lawalowa m'mutu? Chinthu chotentha kale, iwo akuti achifunditse bulangete?"

Ababa anakanda m'mutu. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi. Kenako anati, "Muwafunse amayi. Akaphika mbatata m'mawa, n'kufuna kuti adzukulu adzaipeze yotentha pochokera kusukulu, amatani?"

Mkati tinamva simbi ikuikidwa pansi.

"Ndimakulunga poto ndi nsanza zouma."

"Muwafunsenso, kunja kwa nsanzazo kumawotcha dzanja?"

Kenako agogo, "Uwafunse kuti zikakanika?"

"Zikakanika abwezere ziguduli zawo zonyowa, asapse chifukwa cha ine. Ine ndikatenga chikwanje. Dzina lawo silituluka pakamwa panga."

"Chikwanje chanji?"

Apa amayi anasiya zopereka mawu a anthu, n'kulankhula awoawo. Anawauza zonse, za a Geresomo, za Loweruka, za wa ku Blantyre, za mwala wonolera. Agogo sankadziwa chilichonse, iwe. Ababa anali atawaletsa amayi kuti asawadandaulitse. Tinangomva agogo akudzuma, kenako, "Anthu inu ndinu ana? Munthu msana unatha, inu n'kumandibisira? Uwauze atembenukire uko, ndikutuluka."

Ababa anatembenuka mpaka mphuno kugunda khoma. Agogo anatuluka chitenje chili kumutu, tswii mpaka pansi pa mtengo wa bwemba, n'kukhala atafulatira.

Ndiye ntchito inayamba. Ababa anazimitsa pampu, kuchotsa ziguduli zonse zija, madzi chuchuchu, paipi itayamba kale dzimbiri. Anaipukuta, anaipala, n'kudikira kuti iume. Kenako thonje, kukulunga mochindikala ngati akumanga chilonda, chiguduli chouma pamwamba, n'kumanga ndi malegeni odula ku chubu chakale cha njinga. Khoma loyamba, lachiwiri, lachitatu, atagwada, msana uja osaukumbukanso. Ine ndinkangoona matiresi anga akutha pang'onopang'ono. Uku agogo ali pansi pa bwemba akukuwa osacheuka: "Luisa! Uwauze asandipondere nsalu za alendo!" Pang'ono: "Luisa! Uwauze makala anga akuzima!"

Atamaliza anatuluka kukayatsa pampu, n'kupitiriza kufunditsa paipi ya panja ndi thonje lotsala. Agogo anabwerera m'chipinda mwawo. Anadikira kuti madzi azungulire. Kenako anagwira ndi chala chimodzi, ngati akuyesa simbi. Kenako chikhatho chonse. Kenako anakhalira paipiyo, iwe, kukhalira ndithu! Ndikuyang'ana ndi maso angawa.

"Hmm," basi.

Anaiyang'ananso n'kupukusa mutu. "Koma kumanga kwake ngati mtolo wa nkhuni. M'chipinda changa muno ayi." Anatenga singano yawo yaikulu yosokera matumba n'kuyamba kusoka ziguduli zija msoko umodzi wowongoka, kuyambira pakhomo mpaka potulukira. Nsalu za alendo anasita madzulo.

Loweruka m'mawa ine kunalibe, amayi anandikaniza, koma ababa anatifotokozera, wophika nayenso anadzatifotokozera zomwezo mowonjezera. A Geresomo anawatenga ababa mpaka chipinda chomaliza penipeni, akuluakulu aja asanafike. A Geresomowo anapinda malaya, anatsegula mpopi, n'kuikapo dzanja mosasamala poti anazolowera kudikira.

"Mayo!"

Kulumpha, kukupiza dzanja, galasi lonse nthunzi. Ababa akuti anangoyang'ana pansi kuti mano asaoneke.

"Vuto linali chiyani, Lorenso?"

"Paipi imataya moto panjira, akapitawo. Ndaifunditsa."

"Pati? Ndionetse."

Anayenda mpaka pa kachipinda kaja. A Geresomo analowa, ababa n'kutsalira patali, nkhope kukhoma. Mkati agogo akusita ngati sakudziwa kanthu, pansi pouma, paipi itavala bwino. A Geresomo anaisisita n'kutulutsa mutu pazenera.

"Wasoka chonchi ndani? Iwe ndi manja akowo?"

"Apongozi anandithandiza, akapitawo."

Ndipo sananame, si choncho? A Geresomo anaseka. "Mkamwini ndi apongozi ntchito imodzi! Lolemba upite ku sitolo ukatenge ovololo, ndi bokosi la zitsulo la mdala uja. Za ku Blantyre ziiwale."

Iwe, pakhomo pathu tsiku limenelo! Amayi anaimba nthungululu mpaka a pa kompaundi anabwera kudzafunsa ngati kwabadwa mwana. Achimwene a Pedro anatenga chikwanje chija n'kukadulira nacho mlaza womangira khola. Ababa okha phee, kumwa tiyi wawo, koma phazi likuvina lokha pansi.

Ovololo inabwera Lolemba, yabuluu, yopindapinda mmene inachokera m'katoni. Sanaivale n'komwe. Agogo anatuma amayi kuti ibwere kwa iwo kaye. Inabwerako itachapidwa, itasitidwa, mizere yake yakuthwa yoti n'kudulira papaya, pamodzi ndi uthenga: "Uwauze amuna ako kuti pulambala sayenda ndi makwinya. Uwauzenso kuti m'chipinda muno mukutenthabe pang'ono, aganizire za zenera lina." Ababa anaimirira, kuwomba m'manja molunjika kumene kuli nyumba ya agogo, ngakhale agogowo kunalibe. Lamulungu lapitali amafuna kuivala kutchalitchi, amayi anachita kuibisa pansi pa mphasa.

Panopa anthu pa kompaundi akungowaitana, uyu mpopi ukudontha, uyu ndowa yabooka, ngakhale primasi amabwera nayo. Iwo sakana. Amangoti "tione," n'kutsegula bokosi lija pang'onopang'ono kuti aliyense aone masipanala mmene anawandandalikira. Za zenera anakapempha kale kwa a Geresomo, akuti adzaboola khoma tsiku limene agogo apite ku Chididi kukaona mlongo wawo, kuti asasowe kothawira.

Iyo basi yako, ikutulutsa fumbi pa mlatho apo! Nyamula dengu, khadi la basi uli nalo pafupi? Tamvera, Loweruka likubwerali ubwere ndi basi ya m'mawa, udzatsikire pa geti la esiteti, ine ndidzakhala pomwepo. Ndiwapempha agogo akulole uigwire wekha paipiyo, koma ubwere ndi mango a kwanu, popanda mango satsegula. Thamanga iwe, akusiya!